Alendo a Masana pa Wailesi ya Amake Bethany

Taganizirani m'mawa wamba wa mwezi wa Okutobala ku Kabwata. Nthawi yangopitirira 5 koloko, kunja kwayera kale, ndipo kutentha kwa dzulo sikunachoke m'makoma a nyumba. Wina akusesa pakhomo, wina akukupiza mbaula, kondakitala wa minibasi akumenya chitseko ndi chikhatho poitana okwera. M'mbali mwa msewu mwaima mayi wamfupi wa magalasi, wovala shati yoyera ndi siketi yabuluu yositidwa bwino. M'chikwama mwake muli botolo la madzi, mbatata ziwiri zophika ndi mapensulo awiri osongoledwa kale. Ameneyo ndi Eness Daka. Kutchalitchi amawatchula kuti amake Bethany, koma alonda oposa zana limodzi a m'mageti a ku Woodlands ndi ku Kabulonga amangowadziwa kuti ba Kontrolo. Ambiri mwa alondawo sanaonepo nkhope yawo. Amadziwa mawu okha, ndipo mawuwo akamveka mtima wa mlonda umakhala pansi.

Mayi Daka anabadwira kufupi ndi ku Petauke. Atamaliza sukulu anabwera ku Lusaka kudzakhala ndi azakhali awo ku Chelstone, ndipo kwa zaka zingapo ankagulitsa m'sitolo ya nsalu m'tauni. Ntchito ya pa wailesi anaipezera m'tchalitchi. Lamlungu lina m'chaka cha 2005 chokuzira mawu chinafa, iwo n'kuwerenga zolengeza zonse ndi pakamwa pokha, mosafulumira, moti ngakhale a pa benchi yakumbuyo anamva tsiku la msonkhano ndi dzina la wodwala. Mumpingomo munali mwini wake wa kampani yaing'ono ya alonda yotchedwa Linga. Mapemphero atatha, bamboyo anawaimitsa pakhomo n'kuwafunsa ngati angakonde kumalankhula chomwecho tsiku lililonse.

Ofesi ya Linga ili ku Woodlands, m'nyumba yakale ya malata ofiira. Kuseri kwake kuli kachipinda ka zenera limodzi, ndipo m'menemo muli tebulo, mpando, mapu a mzinda, buku lalikulu lolembamo zochitika, ndi wailesi yolankhulirana ndi alonda. Panja, pafupi ndi mtengo wa mapeyala, paima mlongoti wautali. Mlonda aliyense ali ndi kawailesi ka m'manja pa geti lake. Akaona chachilendo amadina batani n'kuitana, mayi Daka amayankha, amalemba m'buku, n'kutumiza galimoto yolondera. Ntchito ndi yomweyo, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Imaoneka yosavuta kwa munthu amene sanayesepo kumvetsera kwa maola khumi ndi awiri osalola maganizo ake kupita kumsika.

Alonda atsopano, ambiri a iwo anyamata ongochoka kumene kusukulu, amakonda kukuwa pa wailesi mawu onse nthawi imodzi. Mayi Daka sawakalipira. "Puma poyamba, mwana wanga," amatero. "Dzina la geti, pambuyo vuto. Nikumvela." Pakapita mwezi mnyamatayo amakhala akulankhula mwadongosolo ngati wowerenga nkhani.

Mawailesi a Linga anali akale kwambiri, ogulidwa kwa alimi ena amene ankalankhulirana nawo m'mapulazi. Anali olemera, a eriyo zazitali ngati bango, koma ankafika patali, ndipo eni kampani sankafuna kumva zowasintha.

Pakhoma la kachipindako pamakhala kalendala ya Chigwirizano cha amayi. Bambo awo a mayi Daka, kumudzi kuja, ankalemba pa kalendala tsiku lililonse limene mvula yagwa, ndipo mwana wawo anatengera dzanja lomwelo. Zimene sizinkalowa m'buku la kampani zinkalowa pa kalendala: tsiku limene magetsi azima, tsiku limene mlonda wabereka mwana, tsiku limene wailesi yachita zachilendo. Chaka chikatha ankaikulunga kalendalayo, n'kuimanga ndi ulusi, n'kukaiika m'sutikesi kunyumba. Sanaganizepo kuti adzaimasulanso.

Alendo a pa wailesi anayamba kubwera kawirikawiri m'chaka cha 2023. Cha m'ma 3 koloko masana, pamene mzinda wonse ukuwodzera ndi dzuwa, wailesi inkayamba kusokosera ngati mafuta otentha m'poto. Kenako munkamveka mawu a amuna, omveka bwino ngati ali kuseri kwa mpanda, akulankhula mofulumira m'chilankhulo chimene sichinali Chingerezi, Chipwitikizi kapena Chiswahili. Ankatsutsana, ankaseka, wina ankatsokomola. Mayi Daka ankawauza mwaulemu kuti achoke pa wailesi ya eni ake, koma iwo ankangopitiriza. Dzuwa likapendeka ankazimirira okha. Tsiku lotero mayi Daka ankajambula kamzere kozungulira pa kalendala n'kulembamo nthawi.

Amene anapeza yankho loyamba anali Bwezani, woyendetsa galimoto yolondera, munthu wamimba yaikulu ndi nthabwala zosatha.

"Ba Kontrolo, uyo ni mdala Kosta," anatero. "Ni chilankhulo chake icho. Nimamumvela akamakamba pa foni na mlongo wake. Watenga wailesi ya mlonda, afuna thandizo."

Bambo Kosta anali mkulu wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi, Mgiriki amene anabwera m'dziko muno ali mnyamata, n'kukhala ndi bekale m'tauni kwa zaka zambiri. Tsopano ankakhala yekha ku Kabulonga, pa geti lolonderedwa ndi Linga. Mayi Daka sakanalola kuti nkhalamba iitane popanda woiyankha, choncho anatumiza galimoto. Bwezani anathamanga, n'kukapeza mkuluyo akuthirira tomato. Kachiwiri anamupeza akugona pa mpando pansi pa mango. Kachitatu bambo Kosta anamuchingamira okha pa geti atanyamula thumba la pepala.

"Iwe Bwezani, wabwela futi kuona ngati nafa? Sininafe. Tenga mabanzi, upite."

Kuyambira pamenepo, alendo akangomveka, alonda ankatumizirana uthenga wakuti mabanzi a Bwezani apsa. Nkhani yonse inasanduka yoseketsa. Palibe amene anaganiza zowatenga bambo Kosta kuti adzamvetsere okha, popeza funso limene ankafunsidwa pa geti linali limodzi lokha, lakuti ali bwino kapena ayi.

Kuseka kunatha Lachiwiri lina la mu Okutobala chaka cha 2024. Munthu wina ku Woodlands anayatsa zinyalala, mphepo n'kuwolotsa moto pa mpanda kukagwira kanyumba ka matabwa pa nyumba yolonderedwa ndi Linga. Mlonda wa pamenepo, Mwaba, anaitana pa wailesi kanayi, osayankhidwa. Anaponya kawailesiko pa udzu n'kuthamangira paipi ya madzi, ndipo pamodzi ndi aneba anazimitsa motowo usanafike ku nyumba yaikulu. Palibe amene anavulala, koma kanyumbako kanapsa, ndi njinga za ana zili momwemo. Mwini nyumba analemba kalata yaukali.

M'mawa mwake a Chisanga, oyang'anira ntchito pa Linga, anaitana mayi Daka ku ofesi yakutsogolo. A Chisanga sanali munthu wankhanza. Anali munthu wokhulupirira zimene waona ndi maso ake ndi zimene zalembedwa, basi.

"Ba Daka, Mwaba anaitana kanayi. Mu buku yanu mulibe olo kamodzi."

"Sininamumvele, ba Chisanga. Pa wailesi panali alendo."

"Za alendo banu nazimvela. Phokoso ilipo, sinikana. Koma muniuze, mama: munthu wosadziwika, wamene sitidziwa na kwamene ali, angatseke bwanji pakamwa pa Mwaba wamene ali pa Woodlands pano? Ba Abson, bokonza mawailesi, bayesa wailesi katatu. Ilibe vuto."

"Ine sininagone."

"Sininakambe kuti munagona. Nakamba kuti mu buku mulibe."

Anawapatsa kalata. Inanena kuti eni kampani adzakumana Lachisanu la sabata yotsatira, madzulo, kuti aone ngati mayi Daka apitirize ntchito. Amene anawalemba ntchito uja anali atamwalira kale, ndipo ana ake sankawadziwa bwino. Mayi Daka anapinda kalatayo kanayi n'kubwerera pa mpando wawo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali asanatayepo kuitana kwa mlonda. Chimene chinkawapweteka kwambiri chinali kuganiza za Mwaba, mnyamata amene iwo omwe anamuphunzitsa kupuma asanalankhule, akuitana dzina lawo utsi uli m'maso. Analibenso chowaikira umboni, popeza mafoni a ogwira ntchito, amene akanajambulira mawu a alendowo, ankatsekeredwa m'kabati pakhomo, mwa lamulo la a Chisanga omwewo.

Lamlungu atabwerako kutchalitchi sanapume. Anakoka sutikesi pansi pa bedi, namasula makalendala onse n'kuwayala pansi motsatana zaka, kuyambira pakhomo la chipinda mpaka pabalaza. Anagwada n'kuyamba kufunafuna timizere tozungulira tija. Poyamba ankangofuna kuwerenga kuchuluka kwake, koma posakhalitsa anaona kuti sitinamwazikane chisawawa. Tinali titaunjikana m'Malichi ndi m'Epulo, mvula ikamatha, ndiponso m'Seputembala ndi m'Okutobala, mitengo ya jakaranda ikamachita maluwa. M'Juni munalibe ngakhale kamodzi. Nthawi yake inali ya masana yokhayokha, kupatula masiku ochepa amene Edmond, mnzawo wolowa ntchito madzulo, anawauza kuti alendo anabweranso dzuwa litalowa, mawu awo akunjenjemera ngati munthu wolankhulira kuseri kwa fani. Atabwerera m'mbuyo anapeza zimene anali ataiwala: timizere tomweto, tochepa, m'miyezi yomweyo, pa makalendala a 2013, 2014 ndi 2015. Pakati pake panali zaka zoyera mbee.

Lolemba linali tsiku lawo lopuma. Anakwera minibasi ya m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Emmasdale, makalendala ali m'khwapa. A Abson, okonza mawailesi a Linga, ankagwirira ntchito m'kachisakasa kodzaza ma TV akufa. Anali bambo wowonda wa imvi, amene paunyamata wawo anaphunzira za mawailesi a ndege.

"Amake Bethany, muli shani? Ngati ni za wailesi ija, nakuuzani, ilibe vuto."

"Munaiyesa nthawi yanji, ba Abson?"

"M'mawa. Ine nimabwela m'mawa, kukalibe kupya."

"Katatu konse?"

A Abson anakanda m'mutu. "Katatu konse."

Mayi Daka anayala makalendala pa tebulo, n'kutsamiritsa m'makona ndi mabatire akutha. Analoza miyezi, analoza nthawi, analoza zaka zoyera zija. A Abson anavala magalasi n'kuyenda ndi chala pang'onopang'ono. Atafika pa 2014 anaima, nawerenga zaka pa zala mpaka 2024, ndipo anayamba kuseka chamumtima mapewa akugwedezeka.

"Mayo ine. Ba Daka, aba bantu sibali mu Lusaka. Sibali na mu Zambia. Izi tinaphunzila ku koleji nikali na tsitsi yakuda, koma sininaganizepo kuti zizanipeza pa wailesi ya magadi."

Zimene anawafotokozera tsiku limenelo, akujambula kuseri kwa kalendala ya 2015, zinali izi. Kumwamba kwenikweni, kupitirira mitambo ndi kumene kumauluka ndege, pa mtunda wa makilomita mazana atatu kapena anayi, kuli mpweya wopyapyala kwambiri. Dzuwa likauwomba, mpweyawo umadzala mphamvu ya magetsi, ndipo umatha kupinda mafunde a wailesi n'kuwabwezera pansi. Masiku ambiri mafunde a mawailesi ngati a Linga amangoubowola n'kupita osabwerera. Koma masana, mpweyawo umaunjikana m'mizere iwiri yokhuthala, wina kumpoto ndi wina kummwera kwa chigawo chapakati cha dziko lapansi. Mizereyo ikakhuthala mokwanira, mawu ochokera kutali kumpoto amagunda mzere woyamba, n'kudumphira pa wachiwiri, n'kutsikira kuno, monga mpira umene wagunda denga la nyumba iyi, n'kudumphira pa denga la inayo, n'kukagwera pabwalo la aneba. Zimachitika kwambiri m'miyezi imene dzuwa lili pakatikati, likuwomba mbali zonse ziwiri mofanana, ndiyo miyezi ya pa makalendala ija. Dzuwa likalowa, mpweyawo umang'ambikang'ambika ngati chitenje chakutha, mafunde n'kumamwazikira uku ndi uku, ndipo n'chifukwa chake Edmond ankamva mawu onjenjemera. Dzuwa nalonso lili ndi nyengo yake yolusa, imene imabwera pakapita zaka pafupifupi khumi ndi chimodzi.

"Nanga Mwaba?" anafunsa mayi Daka, popeza za Mwaba ndi zimene anabwerera.

"Wailesi ya mtundu uyu simvela bantu babili pa nthawi imodzi," anayankha a Abson. "Imasankha wamene wafika na mphamvu, winayo imamutaya. Mlongoti wanu uli pamwamba, uona kumwamba bwinobwino. Mwaba ali pansi, kuseli kwa mawolofensi, mipanda ija ya njelwa, na kawailesi ka batire yolema. Wa kutali angamupose."

"Mungabauze ba Chisanga?"

"Ningabauze, koma muwadziwa. Afunika amvele yekha."

Lachiwiri mayi Daka anagogoda pa ofesi yakutsogolo napempha chinthu chimodzi: kuti a Chisanga, amene masana onse ankakhala ali kunja kuyendera mageti, adzakhale nawo m'kachipinda kaja kuyambira 2 koloko mpaka 6 koloko. A Chisanga anayang'ana makalendalawo nthawi yaitali. Zolembedwa ankazilemekeza, ngakhale za pensulo.

"Nizakupatsani masiku yatatu," anatero. "Chitatu, Chinayi, Chisanu. Pa Chisanu madzulo pa seventini awazi niyenda ku miting'i na vamene namvela."

Lachitatu analowetsa mipando ina iwiri. A Chisanga anakhala manja ali pachifuwa, a Abson pambali pawo. Wailesi inagwira ntchito bwino kuposa masiku onse. Alonda ankaitana momveka ngati ali m'chipinda momwemo, wina kunena za galu wosochera, wina za galimoto ya madzi. Alendo sanabwere. Lachinayi kunamveka kusokosera pang'ono cha m'ma 4 koloko, mayi Daka n'kuwongoka pa mpando, koma kunatha osatulutsa liwu ngakhale limodzi.

"Thambo si basi ya pa Intercity, ba Chisanga," anatero a Abson mwamanyazi. "Ilibe nthawi yolembewa."

"Na ya pa Intercity imanyamuka ikadzala," anayankha Bwezani atasuzumira pa zenera. Palibe amene anaseka kupatula iye mwini.

Madzulo amenewo mayi Daka anayenda wapansi mtunda wautali asanakwere minibasi, akuponda maluwa a jakaranda amene anali atagwa m'njira. Anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe ngakhale kamtambo, ndipo zinawaseketsa okha kuti ntchito yawo yapachikika pa chinthu chimene sichioneka n'komwe. Ali m'minibasi anaganiza za bambo Kosta. Ngati mawa linali tsiku lawo lomaliza, anafuna kuti adziweko zimene anthu aja akhala akukambirana m'makutu mwawo zaka ziwiri zonsezi.

Lachisanu mayi Daka anatuma Bwezani, iye n'kukawatenga bambo Kosta. Anafika atavala chipewa cha udzu, ndodo kumanja, thumba la mabanzi kumanzere, ndipo anapereka moni kwa aliyense m'Chinyanja chawo cha m'bekale.

"Ndimwe ba Kontrolo? Nenze kuganiza ni mzimayi mutali. Mama, imwe ndimwe mumanitumila uyu wamimba?"

"Ndine, atate. Munikhululukile."

"Palibe kanthu. Bana banga sibabwela katatu pa mwezi."

Anadya mabanzi. Nthawi inakwana 3 koloko, kenako hafu pasiti. A Chisanga anayang'ana wotchi yawo kawiri. Mayi Daka ankayankha alonda ndi mawu awo a masiku onse. Itatsala pang'ono kukwana 4 koloko, mafuta aja anayamba kuthetheka m'poto. Phokosolo linakwera, linatsika, kenako linang'ambika pakati, ndipo mwamuna wa mawu okhuthala analankhula m'chipindamo ngati wakhala pa tebulo. Wina anamuyankha. Wachitatu analowerera akuseka.

Bambo Kosta anasiya banzi lili m'kamwa. Anavula chipewa, nasendeza mpando, naika khutu lawo labwino pafupi ndi wailesi. Anakhala chomwecho nthawi ndithu, milomo ikutsatira mawuwo mwakachetechete.

"Ni matakisi," anatero pomaliza, mawu ali pansipansi. "Uyu wa mawu yakulu ni kontrolo wawo, monga imwe mama. Akalipila dalaivala ati wasiya nkhalamba pa chipatala cholakwika. Uyu wina akamba ati mu motoka yake muli thumba ya malalanje ya bene." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Aka kakambidwe ni ka kwathu. Si Chigiriki cha mu mabuku iyai. Ni ku Kupro uku. Misewu yamene bakamba, ine n'nayendamo na kabudula."

"Kupro wa m'Baibulo?" anafunsa mayi Daka. "Kwawo kwa Barnaba?"

"Wamene uyo, mama. Manje kuli matakisi."

Anapempha cholankhulira. Mayi Daka anayang'ana a Chisanga, iwo n'kugwedeza mutu. Bambo Kosta anadikira mpata, nadina batani, nalankhula mawu angapo mokweza, mwa munthu amene wazolowera kulamula anyamata pa uvuni. Wailesi inakhala chete. Kenako wa mawu okhuthala uja anayankha mwachidule, ngati wofunsa.

"Ati chani?" anafunsa Bwezani.

"Namuuza kuti nili ku Lusaka. Afunsa ati Lusaka ili mu msewu uti, atume motoka."

"Muuzeni," anatero Bwezani, "akafika pa Kabulonga akhotele kumanja. Geti ya gilini."

Nthawi ino onse anaseka, ngakhale a Chisanga. Bambo Kosta anabwereranso pa wailesi, ndipo zinaoneka kuti a kutsidya aja amvetsa tsopano, chifukwa madalaivala onse anayamba kulankhula nthawi imodzi, wina akuimba mluzu. Mkuluyo anatchula dzina la mudzi wawo, wina kumeneko n'kuyankha kuti apongozi ake ndi a komweko.

Mayi Daka anasangalala nawo, koma diso lawo linali pa wotchi. Alendo akanatha kuchoka nthawi iliyonse, ndipo funso la a Chisanga linali lisanayankhidwe.

"Ba Chisanga," anatero modekha, "basanapite aba, pitani pa geti ya Mwaba muniitane."

A Chisanga ananyamuka, Bwezani n'kuwayendetsa. Patapita mphindi khumi foni ya a Abson inalira, iwo n'kuitsegula mokweza, n'kuiika pa tebulo pafupi ndi wailesi. Kumeneko ku geti, a Chisanga anaima pamalo pomwe Mwaba anaima tsiku la moto, foni ili ku khutu, kawailesi ka Mwaba kali pakamwa. Anaitana Kontrolo. M'foni anamva matakisi a ku Kupro akukambirana za malalanje. Anaitananso, mokweza. Anaitana kachitatu, kachinayi, mpaka agalu a m'mipanda anayamba kuuwa. Mawu awo omwe sanawamve ngakhale kamodzi.

Atabwerera anaima pakhomo la kachipindako, thukuta likutsika m'khosi. Anayang'ana mayi Daka, nawomba m'manja mofatsa kawiri.

"Ba Daka, munikhululukile. Naitana kanayi."

"Sitinakumveleni, ba Chisanga."

"Nadziwa. Lembani mu buku kuti n'naitana kanayi, simunanimvele. Nizasaina. Munibwelekeko na makalendala yanu, niyende nayo ku miting'i."

Mayi Daka anawakulungira makalendalawo n'kuwamanga ndi ulusi womwe uja. Msonkhano sunatenge nthawi. Lachiwiri m'mawa a Chisanga anabweretsa makalendala onse, pamodzi ndi kalata ina yaifupi yofafaniza yoyamba ija, ndi foni imodzi ya kampani yoti izikhala pa tebulo la Kontrolo.

Mawailesi atsopano, a mafunde amene mpweya wa kumwamba sutha kuwabweza, anafunika kudikira chaka chathunthu. Mayi Daka sanafune kudikira manja ali m'thumba. Anatenga kalendala ya chaka chotsatira n'kuzunguliza ndi pensulo yofiira miyezi inayi ya alendo. M'miyezi imeneyo, kuyambira 2 koloko masana, ankaitana mageti onse mmodzimmodzi pakapita mphindi khumi ndi zisanu zilizonse, monga mphunzitsi aitanira mayina m'kalasi. Mlonda amene sanamveke ankamuimbira foni nthawi yomweyo. Alonda anauzidwanso kuti akaitana kawiri osayankhidwa asataye nthawi, aimbe foni. Anyamatawo anaikonda njirayi, chifukwa masana otentha pa geti ndi aatali, ndipo ena anayamba kuyankha kuti "Nilipo, madamu," ngati ana a giredi wani. Edmond anaphunzira kuchita chimodzimodzi m'maola ake oyamba a madzulo.

Bambo Kosta anapempha kuti azibwera Lachisanu lililonse m'nyengo ya alendo, ndipo a Chisanga anavomera, bola asamagwire batani popanda chilolezo. Masiku ena thambo linkatseguka, masiku ena ayi. Likakana, ankangodya mabanzi n'kumakamba za Lusaka wakale. Likalola, mkuluyo ankamasulira, ndipo mayi Daka anafika podziwa kuti mnzawo wa ku Kupro uja ali ndi vuto la bondo, ndiponso kuti nayenso amauza madalaivala atsopano kuti azipuma asanalankhule.

Mawailesi atsopano anafika mu Novembala chaka cha 2025, mwezi umene mayi Daka anakwanitsa zaka makumi awiri pa tebulo lomwelo. M'nyengo ziwiri za alendo zimene zinadutsa asanafike, alonda a Linga anaitana Kontrolo pa zinthu zazikulu ndi zazing'ono, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anasowa womuyankha.